Mkango wathu woyamba tinakauonera ku Joni

Pali nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere, ndiye lero ndati ndiitule pano kuti tithandizane kuiganizira. Inayambira mu sitafurumu. Tikumwa tiyi wa pa buleki ndinatulutsa foni kuti ndionetse anzanga zithunzi za ulendo wathu wa ku Johannesburg, umene tinayenda pa tchuthi cha Khirisimasi ya 2024. Foni ikuyenda m'manja, mnzanga wina wophunzitsa Chingerezi anafika pa chithunzi cha ana anga ataima kutsogolo kwa mikango. Anachiyang'anitsitsa, nkundibwezera foni ija akuti, "Aphunzitsi, inu munthu wa Bayoloje, mpaka kulipira ndalama kukaonetsa ana ndende ya nyama?" Ena anaseka. Ndisanayankhe bwinobwino belu linalira, aliyense nkutola choko chake. Yankho langa ndi limeneli, ndipo ndi lotalikirapo, mundipirire.

Ndiyambe ndi mmene tinapezekera kumeneko, poti mphunzitsi ngati ine sangodzuka nkupita ku Joni kukapitidwa mphepo. Mlongo wanga amene anakwatiwa kumeneko anali ndi mwana wakhanda, ndipo mayi anga anati sangafe asanamunyamule mdzukulu ameneyo. Tinasonkha kwa zaka ziwiri, mayi a kunyumba nkuonjezera za ku banki m'khonde, mpaka zinakwana. Tinanyamuka anthu asanu: ine, mayi a kunyumba, mnyamata wathu wa zaka 12, kamtsikana kathu ka zaka 6, ndi agogo awo. Amene munayendapo msewu umenewu mukuudziwa. Basi imachoka ku Blantyre, kudutsa ku Mwanza, kulowa Mozambique pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare, kenako kuwoloka Limpopo pa Beitbridge. Zipata zitatu, masiku awiri tili pampando, miyendo ya agogo nkutupa ngati mitanda ya nsima.

Alamu anga amagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za anthu olemera kumpoto kwa mzindawo. Tsiku lawo lopuma ndi Lamulungu lokha. Atatifunsa kumene tikufuna kukaona, ana anati ku mashopu akuluakulu aja, ine ndinati ku zoo, ndiye kuti malo a mumzinda osungirako nyama zakutchire kuti anthu azikaziona. Alamu anaseka nkuulula kuti kwa zaka zisanu ndi zitatu akhala akudutsa m'mbali mwa mpanda wa zoo pa msewu wa Jan Smuts, ali mu minibasi popita kuntchito, koma sanalowemo ndi tsiku limodzi lomwe. "Alamu, ndimaona ngati ndi za azungu," anatero. Mawu amenewa muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Tinaphika mpunga ndi nkhuku m'mamawa, kuika m'mabakuli, nkunyamuka. Johannesburg Zoo ili m'dera lotchedwa Parkview, ndipo inayamba mu 1904. Ndi malo a mahekitala pafupifupi 55, kunena kwake mabwalo a mpira oposa 70 mutawaika pamodzi, ndipo muli nyama pafupifupi 2,000 za mitundu yoposa 300. Malowa anaperekedwa ku mzinda pokumbukira munthu wina wolemera wa za migodi dzina lake Hermann Eckstein, ndipo amene anawapereka anaika lamulo lakuti akhale otsegukira anthu a mitundu yonse. Nchifukwa chake ngakhale m'zaka za tsankho, pamene munthu wakuda ankaletsedwa kukhala pa benchi imodzi ndi mzungu, zoo imeneyi pamodzi ndi dziwe la Zoo Lake limene lili patsidya pa msewu sizinatsekedwe kwa akuda. Nditawauza alamu zimenezi anangogwira pakamwa. Mpanda umene unkawaletsa kulowa zaka zonsezo unali m'mutu mwawo.

Mnyamata wanga ankafuna mkango basi, china chilichonse ankachiona ngati chotichedwetsa. Titafika tinapeza mikango ili gone pamthunzi, miyendo m'mwamba, mchira wokha nkumagwedezeka pothamangitsa ntchentche. Mwana anakhumudwa zedi. "Ababa, ndiye mkango wake umenewu? Bola wa pa TV." Ndinamufotokozera monga mphunzitsi kuti mkango umatha kugona ndi kupuma mpaka maola 20 pa tsiku, ngakhale kutchire komwe, chifukwa kusaka kumadya mphamvu zambiri ndipo nthawi zambiri umasaka usiku. Sanandimvere, anafuna tizipita. Agogo ake ndi amene anakhala pansi pa benchi nkunena kuti, "Iwe, kuona maso a nkhono nkudekha. Khala apa."

Tinakhala mwina theka la ola. Anthu ankabwera, kujambula, nkumapita. Kenako waumuna uja unadzuka, kudziongola, kuyasamula mano onse poyera, nkuyamba kubangula. Abale, ine ndaphunzitsa kwa zaka zambiri kuti kubangula kwa mkango kumamveka pa mtunda wa makilomita asanu ndi atatu, koma ndinkangonena za m'buku. Sindinkadziwa kuti mawu aja samvekera m'makutu mokha, amalowa m'chifuwa nkugwedeza nthiti. Kamtsikana kanga kanabisala mu chitenje cha amayi ake. Mnyamata uja, yemwe masiku ano amachita manyazi kuyenda pafupi nane, ndinangozindikira wandigwira dzanja mwamphamvu. Agogo anali duu, akugwedeza mutu. Kenako anati, "Ndi womwewo. Tili atsikana kwathu ku Machinga tinkaumva usiku, abambo nkudzuka kusonkhezera moto pafupi ndi khola. Lero ndi pamene ndauona nkhope." Mayi a zaka zoposa 70, anakula akuopa chinthu chimene anadzachiona koyamba m'dziko la eni.

Ndiye ichi ndi choyamba chimene ndikumuyankha mnzanga uja. Pali zinthu zimene chithunzi sichingaphunzitse. TV ilibe fungo. Buku silikuuza kukula kwa chinthu, poti pa tsamba chule ndi mvuu zimaoneka zofanana msinkhu. Mwana amene waima pafupi ndi chipembere, nkuona kuti mutu wake wokha ukuposa thupi lake lonse, waphunzira kanthu kena kamene ine ndi choko changa sindingamupatse.

Chachiwiri ndinachiona pa nkhani ya mayina. Mnyamata wanga ankathamanga kutsogolo nkumatchula nyama iliyonse m'Chingerezi asanawerenge nkomwe chikwangwani. Ndinanyada, mpaka pamene agogo ake anamufunsa kuti, "Nanga m'chinenero chathu ndi chiyani?" Mbidzi anaidziwa, ng'ona anaidziwa. Chipembere anakanika. Nungu anakanika. Ngoma ankaganiza kuti agogo akunena ng'oma yoimba. Agogo, amene sangawerenge chikwangwani ngakhale chimodzi, anasanduka mphunzitsi wathu tonse. Anatiuza mmene nungu imayendera chafutambuyo ikafuna kubaya galu, mmene anyani amaikira mlonda pamtengo anzawo akamaba chimanga, ndi chifukwa chake msodzi amaopa mvuu ya mwana kuposa ng'ona. Anthu ena olankhula Chizulu amene anali pafupi nafe anayamba kutitsatira, alamu nkumawamasulira.

Nyama imodzi yokha ndi imene inawagonjetsa agogo. Titakhota pena, tinangoona mutu uli pamwamba pa mtengo ukubudula masamba. Agogo anabwerera m'mbuyo nkuti, "Mayo ine, ichi ndiye chiyani?" Apa mpamene ndinabwezako ulemu wanga. Ndinawauza kuti ena amati nyamalikiti, ena amati kadyansonga, chifukwa amadya nsonga za mitengo. Kamtsikana kanga kanalikonda dzina lachiwirili ndipo kanaliimba tsiku lonse. Ndinawafunsa onse kuti aganize mafupa amene ali m'khosi lalitali chonchija. Mnyamata anati 50, alamu anati 100. Yankho ndi asanu ndi awiri, chimodzimodzi khosi langa ndi lanu, kungoti lililonse ndi lalitali kwambiri. Mfundo imeneyi ndimainena m'kalasi chaka ndi chaka ana nkumangolemba. Tsiku limenelo ndinaona anthu akuluakulu akudzigwira m'khosi kuwerenga.

Tinadya mpunga wathu pa kapinga, pansi pa mitengo, pakati pa mabanja ena ambirimbiri, akuda, amwenye, azungu, aliyense ndi bakuli lake. Kumeneko alamu anatisimbira nkhani imene aliyense wa ku Joni amaidziwa, ya Max, chinyani chachikulu cha mtundu wa gorilla. Mu 1997 munthu wina amene ankathawa apolisi analumphira m'khola lake, ndipo Max atamugwira, munthuyo anamuombera ndi mfuti. Max anachira, nkusanduka ngwazi ya mzinda wotopa ndi umbava, mpaka anafa mu 2004. Ana anaseka mpaka kutsamwa, agogo nkuti wakubayo anathawa mvula nkukagwera m'dziwe.

Tsopano ndifike pamene mnzanga wa Chingerezi uja ali ndi mfundo, chifukwa ndikabisa ndikhala wabodza. Titatha kudya tinapita kwa njovu. Ana anakondwa, koma agogo anangoti chete. Muyenera kudziwa kuti mayi anga njovu saikonda. Mudzi wathu uli kufupi ndi nkhalango ya Liwonde, ndipo mpanda wamagetsi usanamangidwe bwino, njovu zinkatha kulowa m'munda usiku umodzi nkumaliza chimanga cha chaka chonse. Ine ndikukumbukira chaka china ndili ku pulayimale tikuimba zitini usiku wonse, m'mawa mayi atakhala pa mzere akulira. Ndiye ndinkayembekeza kuti anena kuti zakhala bwino azitsekere. Koma iwo atayang'ana nthawi yaitali anati, "Njovu sizikhala zitatu. Zimayenda mtundu wonse, agogo awo patsogolo. Izizi zikafuna kupita kumaliro zimapita kuti?"

Ndinalibe yankho, poti sayansi imene ndimaphunzitsa ikugwirizana nawo. Njovu zazikazi zimakhala m'banja lotsogozedwa ndi yaikazi yaikulu, imene imakumbukira kumene kuli madzi chaka cha chilala. Zimayenda mitunda italiitali, ndipo yaikulu imadya makilogalamu oposa 100 a udzu, masamba ndi makungwa pa tsiku. Bere lake ndi la miyezi 22, ndipo mwana amaleredwa ndi banja lonse. Nyama yotere, ngakhale muisamale bwanji, mumzinda muichepera. Nkhaniyi si ine ndayamba kuiona, eni dziko akhala akukangana kwa zaka. Njovu ina ya pamalopa, dzina lake Lammie, inabadwira momwemo mu 1979. Inzake yaimuna, Kinkel, itafa mu 2018, Lammie inatsala yokha, ndipo anthu ambiri anapempha kuti ipite kutchire. Akuluakulu a zoo anasankha kubweretsa zina ziwiri, Ramadiba ndi Mopane, mu 2019, ndipo mu 2022 magulu ena omenyera ufulu wa nyama anakasuma kukhoti kuti zitatu zonsezo zimasulidwe. Ku Pretoria nako kunali njovu yotchedwa Charlie, imene inagwidwa ili yaing'ono ku Hwange m'dziko la Zimbabwe, nkugwira ntchito yosangalatsa anthu m'masewero kwa zaka zambiri isanapite ku zoo mu 2001. Mu Ogasiti 2024 anaisamutsira kumalo aakulu otetezedwa a Shambala m'chigawo cha Limpopo, itatha zaka 40 ili m'manja mwa anthu.

Pa njovu, ine ndili mbali ya agogo ndi mnzanga uja. Pali nyama zimene siziyenera kukhala mumzinda, ndipo zoo zanzeru zayamba kuvomereza. Ku Johannesburg komweko kunali chimbalangondo choyera cha kumadzi oundana, dzina lake Wang, chimene chinakhala zaka zambiri pa dzuwa la mu Africa. Chitafa mu 2014 sanabweretsenso china, ndipo anachita bwino.

Koma kunena kuti njovu siyenera kukhala mu zoo sikutanthauza kuti zoo yonse ndi ndende yopanda phindu. Ndikupatseni chitsanzo chimene anthu ojambula mikango sachiona nkomwe. Kuli kachule kena kakang'ono ngati nsonga ya chala, kotchedwa Pickersgill's reed frog, kamene kamapezeka m'madambo a m'mphepete mwa nyanja ku KwaZulu-Natal kokha padziko lonse. Madambo aja atayamba kutha chifukwa cha minda ya nzimbe ndi nyumba, kachuleka kanatsala pang'ono kutheratu. Akatswiri a ku Johannesburg Zoo anatenga ena nkuyamba kuwaswetsa, ndipo mu 2018 anakatulutsa achule 200 kubwerera kumadambo kwawo. Ntchito ngati imeneyi imafuna ndalama, ndipo gawo la ndalamazo ndi lomwe timalipira pachipata ife obwera kudzaona mkango.

Palinso china chimene ife aphunzitsi tiyenera kuchiganizira. South Africa ili ndi nkhalango yotchuka ya Kruger, koma mwana wa munthu wosamalira maluwa sangaione, chifukwa ili kutali, imafuna galimoto ndi malo ogona. Ku zoo amafikako pa minibasi, amayenda wapansi, amabwera ndi mpunga wake m'bakuli, madzulo ali kunyumba. Amene amanyoza zoo nthawi zambiri ndi anthu amene ali ndi njira ina yoonera nyama. Kwa mwana wosauka wa mumzinda, kusankha kwake si pakati pa zoo ndi tchire. Ndi pakati pa zoo ndi kusaona kalikonse.

Apa mpamene nkhaniyi inanditembenukira ine mwini, ndipo ichi ndi chimene chikundisowetsa mtendere. Sukulu zitatsegulidwa ndinafunsa kalasi yanga ya Fomu 3, ana oposa 60, kuti ndani anaonapo njovu yamoyo ndi maso ake. Manja atatu. Mkango? Palibe ndi mmodzi yemwe. Ana amenewa amajambula bwinobwino mndandanda wa chodya ndi chodyedwa, udzu, mbawala, mkango, mivi yonse yoloza koyenera, ndipo pa mayeso a MSCE adzakhoza. Ena mwa iwo mayina a makolo awo ndi a Njovu ndi a Nkhwazi. Nthano zimene anakula nazo ndi za kalulu, fisi ndi mkango. Ena kwawo kumatuluka gule, ndipo amadziwa ulemu umene njovu imalandira ikafika pabwalo. Chikhalidwe chathu chonse chadzaza nyama, koma nyamazo ana athu sanazione. Ndipo ndisanawaloze chala makolo awo, ndidziloze ndekha: ana anga enieni, a mphunzitsi wa Bayoloje, anawoloka zipata zitatu kuti akaone mkango, pamene mikango ili ku Majete, ku Chikwawa, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Blantyre.

Kale tinali ndi chowiringula, chifukwa nkhalango zathu zinatha ndi opha nyama mozemba. Pofika 2003, pamene bungwe la African Parks linagwirizana ndi boma kuti liziyendetsa Majete, munalibe njovu, munalibe chipembere, munalibe mkango. Zipembere zinabwerera chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012, akadyansonga anafika mu 2018, mimbulu mu 2021. Ku Liwonde, kumene bungwe lomweli linayamba ntchito mu 2015, mikango inabwerera mu 2018, ndipo mu 2019 kunafika zipembere 17. Njovu zinachuluka mpaka mu 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota. Choseketsa nchakuti mikango yoyamba ya ku Majete ija inachokera ku South Africa komweko. Mikango inabwera kwathu, ife nkuipitirira kukaifuna kwawo.

Nanga chimatiletsa nchiyani? Ndalama ndi chifukwa chenicheni, sindikana. Ngakhale Mmalawi amalipira zochepa pachipata poyerekeza ndi mlendo wakunja, m'nkhalango ya mikango simulowa wapansi, pamafunika galimoto, ndipo mtengo wa mafuta tonse tikuudziwa. Koma tinene zoona, si ndalama zokha. Sukulu zathu zimapeza basi yopita ku mpira ndi ku kwaya. Mabanja athu amapeza ndalama ya yunifolomu ya ukwati ndi ya zovala za Khirisimasi. Chimene chimatigwira kwambiri ndi chija ananena alamu anga, chakuti ndi za azungu. Tinazolowera kuona galimoto za alendo zikulowa m'nkhalango ife tikugulitsa ziboliboli pamsewu, mpaka tinakhulupirira kuti nyama zamoyo ndi zawo, zathu ndi zosema.

Maganizo amenewa ndi oopsa, chifukwa amene amalipira mtengo weniweni wa nyamazi ndi anthu ngati mayi anga. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, ndipo pambuyo pake midzi yozungulira nkhalangoyo, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, inadandaula za minda yoonongedwa ndi anthu ophedwa. Ngati Mmalawi wa kumudzi amaidziwa njovu ngati mdani wa chimanga chake basi, ndipo Mmalawi wa m'tauni saidziwa nkomwe, ndani adzaiteteze alendo akadzasiya kubwera? Ndaninso adzalankhulire mlimi wa ku Kasungu, ngati ophunzira athu amene mawa adzakhale ma DC ndi aphungu sanaonepo phazi la njovu m'munda? Munthu sasamala chimene sanachione, ndipo saweruza bwino mlandu umene mbali zake zonse sakuzidziwa.

Ndiye kwa mnzanga uja ndikuti: inde, ndinalipira, ndipo nditapatsidwanso mwayi ndikhoza kulipiranso. Si kuti zonse za kumeneko zinandikomera, za njovu ndanena kale. Koma ana anga anatuluka pachipata chija ali ndi mafunso amene sanalowe nawo, ndipo funso lakuti kodi nkoyenera kutsekera njovu analifunsa okha atamva agogo awo. Mwana amene sanaione njovu funso limenelo sangalifunse.

Kwa inu amene muli ku Joni, ku Pretoria, kapena mzinda wina uliwonse umene uli ndi zoo, ndipo mumangodutsa pampanda ngati alamu anga, tengani ana Lamulungu lina mukalowe. Mulawire m'mawa kusanatenthe, nyama zisanabisale pamthunzi. Musalimbane ndi kuona zonse, sankhani zochepa mukhale nazo nthawi. Foni muibweze m'thumba mukajambula kamodzi. Musalole ana kugenda, kukuwiza kapena kuponyera nyama chakudya. Ndipo ngati pakhomo pali agogo, musawasiye kuti atopa ndi kuyenda, amenewo ndiye chikwangwani chenicheni. Pa nyama iliyonse muwafunse ana dzina lake m'chinenero cha kwanu.

Kwa aphunzitsi anzanga kuno kumudzi, tisadikire kuti boma lidzatimangire zoo. Tili ndi zoposa zoo. Makalabu a zachilengedwe amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likulimbikitsa m'sukulu kwa zaka zambiri, m'malo ambiri anangotsala dzina pa khoma la ofesi ya ahedi. Tiwadzutse. Ife pasukulu pathu tayamba kusonkha pang'onopang'ono teremu iliyonse, ana akulima ndiwo zamasamba kuseri kwa labu nkumagulitsa kwa aphunzitsi, ndipo komiti ya makolo yalonjeza kuonjezerapo pa mafuta. Mwina sitidzakwanitsa kutenga onse, mwina tidzayamba ndi Fomu 4 yokha. Mwinanso tikadzafika mkango udzakhala utabisala m'tchire osaoneka, poti kumeneko suli pa chionetsero. Ngakhale zitatero adzaona ndowe za njovu, mapazi pa mchenga wa Shire, ndi mtengo umene yaukungudza makungwa, ndipo adzadziwa kuti mwini wake ali pafupi ndipo ali kwawo.

Pobwerera, tili pa mzere pa chipata cha Mwanza, kamtsikana kanga kanali kakusewera ndi pasipoti yanga. Kanayang'anitsitsa chizindikiro cha boma chimene chili pachikuto, mkango mbali ina, kambuku mbali ina, nkhwazi pamwamba. Kenako kanakuwa anthu onse akumva, "Ababa, mkango uja uwu! Ndiye kuti ndi wathu?" Ndinati inde mwanangu, ndi wathu. "Nanga wathuyo amakhala kuti?" Ndinati ku Chikwawa, kumene kumachokera shuga. "Ndiye bwanji sitinapiteko?" Agogo ake anandiyang'ana osanena kanthu, mayi a kunyumba nawo nkuyang'ana kumbali akumwetulira.

Ndinalonjeza pamaso pa mboni kuti ulendo wotsatira ndi wa ku Majete, ndipo kamtsikanako sikaiwala, kamandikumbutsa mwezi ukangotha. Kaya inu anzanga mukuiona bwanji nkhaniyi, makamaka amene munakulira m'mphepete mwa nkhalango ngati ine. Kodi ana anu anaiona njovu? Anaionera kuti?

Ndasiyira pomwepa, makope a Fomu 2 akundidikira.